Telala Amene Adasiyidwa pa Lizulu

Kalekale, mafoni a m'manja asanabwere, ku Bangwe kudali telala wina wa pakhonde, dzina lake a Chisuse. Akazi awo adamwalira n'kuwasiyira mwana mmodzi wamkazi, Lonjezo, amene atakula adakapeza ntchito ndi mwamuna ku Lilongwe. Ukwati utayandikira, mkuluyu adakaniratu zobwereka deresi. Adati mwana wa telala savala cha eni pa tsiku lake. Adalisoka okha mpaka maso kufiira, ndipo adalimaliza ukwati uli mawa.

Masiku amenewo pamsewu wa ku Lilongwe pankayenda mabasi a mitundu iwiri. Ya ekisipuresi inkanyamula abambo a mataye ndi amayi onunkhira mafuta akunja, aliyense pampando wake, nyuzipepala kumaso, munthu akatsokomola amachita kupepesa. Ya lokolo inkanyamula dziko lonse: nkhuku, matumba a chimanga, njinga pamwamba, ana pamiyendo ya anthu osawadziwa. Inkaima paliponse munthu akakweza dzanja, ngakhale akungoingitsa ntchentche. A Chisuse adali a lokolo chibadwire. Koma mkamwini wawo, pofuna kulemekeza apongozi, adawatumizira tiketi ya ekisipuresi.

Mukadawaona pa depoti tsikulo! Jekete la kutchalitchi, phukusi la deresi lomangidwa ndi tepi yoyezera lili pachifuwa, akuyang'ana anzawo a lokolo pazenera ngati sadakwerepo nawo. Paja mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Pambali pawo padakhala mayi Kapalamula, bwana wa ku ofesi ina, amene ankathamangira kumsonkhano. A Chisuse adawapatsa moni wautali, kufunsa za ana ndi kumudzi komwe, mayiwo n'kungogwedeza mutu. Adawaninkha mtedza wokazinga, mayi adakana. Adawafotokozera za deresi kuyambira pa nsalu mpaka pa batani lomaliza, yankho lidali "oho" basi, maso ali pa mapepala.

Pa Lizulu basi idaima kuti anthu awongole miyendo. A Chisuse ataona tomato wofiira bwino, adaganiza za ophika a ku ukwati. Adavula jekete n'kufunditsa phukusi kuti wina asawalande malo, monga timachitira mu lokolo, ndipo adatsika ndi timakobiri ta m'thumba la buluku. Adamva injini ikulira, koma sadacheuke n'komwe. Iwo ankadziwa kuti basi sisiya munthu. Dalaivala amayamba waimba hutala, kondakitala amafuula, ndipo amene wakhala naye pafupi amamenya bodi n'kunena kuti tasiya munthu. Umu ndimo adayendera moyo wawo wonse. Pamene ankatembenuka, ekisipuresi idali ikuzimiririka pakona, itatenga deresi, jekete ndi chikwama cha ndalama chomwe. Mkuluyu adangokhala pansi pafumbi n'kuyamba kulira ngati mwana, osati chifukwa cha chikwama, koma poganiza Lonjezo ataima pakhomo la tchalitchi wopanda chovala.

Woyamba kuwathandiza adali Nangozo, mayi wogulitsa tomato uja. Iyeyu ndiye adawachedwetsa, chifukwa adakakamira pa mtengo ndipo basera ankawerenga ngati akupereka mano ake. Koma atamva za deresi, adamanga chitenje cholimba. Lokolo itatulukira, yodzaza mpaka pakhomo, dalaivala sadafune kuima. Nangozo adakaima pakati pa msewu, dengu lili pamutu. Kondakitala atakana kukweza munthu wopanda ndalama, iye adamutulira dengu lonse la tomato pamapazi. Adasiyira mng'ono wake benchi pa tsiku la msika, nakwera nawo. "Mlanduwu ndapalamula ndine, bambo," adatero. "Ndikauone pothera pake."

Wachiwiri adali Abiti Matola, mayi wa geni ya usipa, wamawu omveka tsidya lina la mtsinje. Adasunthira pa thumba lake n'kuwapatsa a Chisuse mpando, ndipo asanafike patali adali atawafunsa zonse: phukusi lake lotani, lomangidwa ndi chiyani, adakhala ndi yani. Basi yonse idadziwa nkhaniyo, ena akupepesa, ena akuseka kuti za ekisipuresi zili ndi eni ake. Mvula idayamba. Chakufupi ndi Bembeke, pamalo opanda siteji, padaima mayi wa nsapato za gogoda akubayitsa basi. Dalaivala adati awo ndi a mabasi apamwamba, galimoto lawo likubwera, ndipo adawonjeza moto. A Chisuse adali atazyolika, sadaone kanthu. Koma Abiti Matola, amene mutu wake udali panja pa zenera ulendo wonse, adaona tepi ya telala ikulendewera kunsi kwa jekete limene mayiwo adafunditsa katundu wawo. Adamenya bodi ndi manja awiri, adakalipa m'Chichewa ndi m'Chiyao momwe, mpaka adalumbira kuti akhuthulira dalaivala usipa m'khosi. Basi idaima.

Wachitatu adali mayi wonyowayo, mayi Kapalamula. Atakwera adaulula okha, mosabisa, kuti pa Lizulu adaona bwinobwino kuti mkuluyu watsala. Mawu adafika pakhosi, koma adachita manyazi, poti mu ekisipuresi munthu safuula. Adangokhala akuyang'ana jekete lija pampando wopanda munthu. Kenako adalephera kupirira. Adapita kwa dalaivala, iye n'kuti basi yake sibwerera m'mbuyo, ndipo katundu wotsala amakatsekeredwa ku ofesi mpaka Lolemba. Ukwati udali Loweruka. Mayiwo adalamula kuti awatsitse pomwepo. Adatsika patchire, msonkhano adausiya, ndipo adaima pamvula atakumbatira phukusi, akubayitsa basi iliyonse, osadziwa ngati mwini wake abwera kapena ayi.

"Pepani, bambo," adatero popereka phukusilo. "Mudandipatsa moni, ine sindidakuyankheni bwino."

A Chisuse adamasula pang'ono pangodya. Deresi lidali louma, loyera mbee. Pothokoza adangowomba m'manja misozi ili mbwembwembwe.

Malo okhala padalibe, ndiye mayi Kapalamula adakhala pa thumba la usipa, nkhuku ya eni ili pamiyendo. Wina adawabenthulira chimanga chootcha, ndipo ulendo uno sadakane. Abiti Matola adanena kuti mkuluyu angalitayenso, choncho adalanda phukusi n'kulisunga yekha pamiyendo mpaka ku Lilongwe. Pofika, atatuwo adali akuitanana "asisi" ngati adayamwa bere limodzi, ndipo a Chisuse adawachonderera onse kuti asaphonye ukwatiwo.

M'mawa mwake Lonjezo adavala deresi la bambo ake, ndipo lidamukhala ngati adabadwa nalo. Amene adayandikira kwambiri ankati mkwatibwi akumveka kafungo ka usipa, koma mkwati sadadandaule.

Nkhani idavuta ku holo. Kutsogolo, pa tebulo la makolo, padali mpando umodzi wopanda munthu pambali pa a Chisuse, mpando wa mayi a mkwatibwi. Lonjezo, atamva zonse za paulendo, adanong'oneza bambo ake kuti: "Ababa, amene wandipulumutsira deresili wandichitira zimene amayi akadachita. Muitaneni akhale pamenepo."

A Chisuse adaimirira n'kuyang'ana m'holo. Akuchimuna ankaloza ndi maso mayi Kapalamula, ati ndiwo adataya msonkhano n'kunyowa, komanso tebulo lakutsogolo likuwayenera. Koma mkuluyu adakumbuka kuti mayiwo akadangotsegula pakamwa pa Lizulu, sipakadakhala nkhani. Amayi a kukhitchini ankatchula Nangozo, ati wosauka akapereka dengu lonse wapereka chakudya cha ana ake. Koma ndi yemweyo adawachedwetsa pokanirira basera. Achinyamata ankafuna Abiti Matola, ati popanda maso ake ndi pakamwa pake, mwini deresi akadadutsa deresi lake pamsewu. Koma iyeyu sadataye kanthu, ulendo udali wake kale, ndipo adanunkhitsa mkwatibwi.

Atatuwo adali atakhala benchi imodzi kumbuyo, akugawana botolo limodzi la zoziziritsa kukhosi, aliyense akukankha mnzake ndi chigongono kuti apite ndiye. A Chisuse adawakonda onse, ndipo zidawapweteka mtima kuti mpando ndi umodzi. Oyimba adali atasiya kuimba, mkwatibwi akudikira, anthu onse maso ali pa telala.

Tsono inu amene mwamva nkhaniyi, kaya mumakwera ekisipuresi kaya lokolo, tandiuzani: pakati pa amene adaima pakati pa msewu, amene adamenya bodi ya basi, ndi amene adaima pamvula, a Chisuse aitane yani kuti akhale pampando wa malemu akazi awo?