Mipando Yobwereka ya Nankhoma

Kalekale, m'mudzi wina wa kuseri kwa phiri, munali mayi wamasiye dzina lake Nankhoma. Ana inu, umphawi ndauonapo, koma wa mayi ameneyu unali wina. Nkhokwe inagwa. Mbewu yoti adzale anadya ndi ana ake chaka cha njala. Chimene anatsala nacho ndi nkhuku imodzi basi.

Tsiku lina kunamveka kuti kukubwera alendo achifundo, oyenda khomo ndi khomo, kugawa mbewu kwa osaukitsitsa mvula isanagwe. Mukuganiza kuti Nankhoma anakondwa? Ayi, anagwira njakata. Alendo akhala pati? Adyera m'chiyani? Kwathu kuno mlendo salandiridwa pafumbi.

Anapita kwa Nazimbiri, nabwereka mipando. Anapita kwa bambo Kamtedza, nabwereka tebulo. Anapita kwa Nachisale, nabwereka mbale ndi chitenje chatsopano, nachivala pamwamba pa sanza zake. Nkhuku ija nayipha.

Alendo anafika, anadya, anayamikira. Wamkulu wawo anayang'ana mipando, anayang'ana tebulo, anayang'ana chitenje.

"Mayi, inu muliko bwino," anatero. "Mbewuyi ndi ya anthu ovutika. Mutikhululukire."

Nankhoma anene kuti zonsezi n'zobwereka? Manyazi anamugwira, ndipo anangoti zikomo.

Koma Nazimbiri anamva zonse ali kuseri kwa mpanda. Anathamanga kukauza bambo Kamtedza ndi Nachisale, nabwera iye poyamba.

"Odi! Pepani alendo, ndadzatenga mipando yanga."

Alendo anaimirira, mipando inapita. Asanapume, odi wina. Bambo Kamtedza anati akufuna tebulo lawo. Mbale anaziika pansi, tebulo linapita. Odi wachitatu. Nachisale anakhuthulira mafupa pansi, natola mbale zake, natambasula dzanja kufuna chitenje. Nankhoma anachimasula. Sanza zija zinaonekera poyera.

Ndimamumvera chisoni mayi ameneyu mpaka lero. Analira ngati pamaliro.

"Anzanga, mwandivula pamaso pa alendo. Ndinakulakwirani chiyani?"

"Takuvulani lero," anayankha Nazimbiri, nayenso misozi ili m'maso, "kuti chaka chamawa mudzavale zanuzanu."

Wamkulu wa alendo uja anayang'ana pabwalo. Panalibe kanthu, mafupa okhaokha. Anafunsa motsitsa mawu kuti nanga nkhuku yomwe adya ija, mwini wake abwera nthawi yanji.

"Sabwera," anatero Nankhoma. "Ija yokha ndiyo inali yanga."

Wamkulu uja anakhala pansi, pafumbi lomwe lija, nauza anzake kuti atsitse thumba la mbewu. Mvula itagwa, munda wa Nankhoma unali woyamba kudzalidwa, ndipo amene anamuthandiza ndi anzake atatu omwe aja.

Nthano yanga yathera pomwepa, moto nawo wazilala. Bala lobisa m'chitenje chobwereka silipeza mankhwala.