Zala Mazana Atatu za Abiti Mwamadi

Ana inu, mukafunsa ena za mwambi wa mapanga awiri, adzakuuzani za mlenje wina wamakedzana. Asiyeni, nawonso ali ndi pakamwa. Ine ndikuuzani zomwe timadziwa ife okulira m'tauni, ndipo musandidule mawu.

M'mbali mwa mzinda wina munali dera logawidwa pakati ndi kamtsinje. Anthu ake anali osakanikirana ngati nyemba za pamsika: Atumbuka, Ayao, Alomwe, Asena, Achewa, ngakhalenso Maburundi a timagolosale. Onsewa ankalinyadira dera lawo, koma ukawafunsa dzina lake, mutu unkakuzungulira. Okhala kum'mawa kwa mtsinje ankati deralo ndi Kumatabwa, chifukwa cha akalipentala amene anayamba kumanga kumeneko. Okhala kumadzulo ankati ayi, dera lonse ndi Kuchigayo. Mlendo wofunsa njira ankabwerera osafika kumene amapita.

Pa kamtsinjeko panalibe mlatho. Panali thabwa limodzi lowola, ndipo mvula ikagwa madzi ankalimiza. Chaka china kamtsikana kotchedwa Sungeni kanaterereka pathabwapo popita kusukulu, ndipo kakanapita ndi madzi pakanapanda mayi wina amene anakagwira diresi.

Mayi wake wa Sungeni anali Abiti Mwamadi, telala wofatsa amene sankatha kukana munthu. Anabadwira Kuchigayo koma anakwatiwa Kumatabwa. Atamva kuti bungwe lina lothandiza kukonza madera a m'tauni likufuna kumanga mlatho m'dera limodzi logwirizana, anatseka makina ake osokera n'kuyamba kuyenda khomo ndi khomo. Bungwelo linkafuna chikalata chomwe anthu adindapo zala zawo ndi inki. Patatha masabata atatu, zala zinakwana mazana atatu. Panangotsala mzere umodzi pamwamba, polemba dzina la dera. Mzerewo ankayenera kulemba ndi mlendo wa ku bungwe, malinga ndi kumene walandiridwira, ndipo dzinalo ndi lomwe likanalembedwa pa chikwangwani cha mlatho.

Apa ndi pomwe panagona nkhani. Apongozi ake, a Kumwenda, mkulu wa akalipentala, anamuitana.

"Make Sungeni, mlendoyo mubwere naye kwathu kuno. Mlathowo ndi wa Kumatabwa."

"Ndamva, bambo," anatero Abiti atagwada.

Tsiku lomwelo achimwene ake, Che Rajabu, mwini chigayo, anamupeza panjira.

"Chemwali, mchombo wanu uli kuno. Mlendoyo asakakhale pampando wa eni ake."

"Ndamva, achimwene."

Mwaona? Mawu omwewo anawapereka kawiri, ngati kugulitsa nkhuku imodzi kwa anthu awiri. Ine ndimamumvera chisoni mayiyu, chifukwa sanachite izi mwa chinyengo. Anangoopa kukhumudwitsa.

Mbali iliyonse inamanga chisakasa cholandiriramo mlendo. Anafolera ndi malona akuda, otsika kwambiri moti munthu ankalowa chowerama, ndipo ana anayamba kuzitcha zisakasazo mapanga. Uku anaphika mpunga, ukonso anaphika mpunga.

Tsiku litafika, mlendo wa ku bungwe, Mayi Chikafa, anatsika galimoto pafupi ndi thabwa lija dzuwa lili paliwombo. Kum'mwera kunali kutada bii.

"Ndili ndi ola limodzi lokha," anatero. "Madera ena akundidikira. Msonkhano uli kuti?"

"Uli uku, mayi," anayankha Abiti, akuloza Kumatabwa. Kenako analoza tsidya lina. "Komanso uli uko."

"Misonkhano ilipo iwiri?"

"Ayi, ndi umodzi."

"Nanga tikupita kuti?"

Abiti anatsogolera mlendo cha Kumatabwa. Amayi akumeneko anayamba nthungululu. Abiti atacheuka, anaona achimwene ake ataima tsidya lija, manja m'chiuno. Anapepesa mlendo kuti asochera pang'ono, n'kubwerera naye kuthabwa. Mayi Chikafa anawoloka pang'onopang'ono, nsapato kumanja. Atangoponda tsidya la Kuchigayo, ng'oma zinalira. Abiti anacheukanso, ndipo anaona apongozi ake atavula chipewa, akumuyang'ana osaphethira.

"Mayi, tabwererani pang'ono."

"Kodi inu, dera lanuli mumalidziwa?" anafunsa mlendoyo. Sanakwiye, anangosokonezeka. "Ine ndikakhala m'galimoto. Mukadziwa kopita, mubwere ndi chikalatacho mudzanditenge."

Sanakhale nthawi m'galimotomo, madontho akuluakulu anayamba. Abiti anabisa chikalata m'chitenje n'kuthamangira kuphanga la Kuchigayo, lomwe linali pafupi. Atatsala pang'ono kulowa, anamva anthu akufuula kuti chikalata chabwera kwawo. Anadzidzimuka. Kulowa mmenemo kunali kusankha. Anatembenuka, n'kuthamanga kuwoloka thabwa kupita kuphanga la Kumatabwa. Kumenekonso anamva mawu omwewo, ndipo anatembenukanso.

Mvula ya chimvumbi inamupeza ali pakati pa thabwa, osadziwa kuti mwendo uti utsogole. Anaima pomwepo. Kumanja phanga, kumanzere phanga, onse awiri ouma bwinobwino, iye madzi ali chuchuchu.

Abiti atafika pagalimoto, Mayi Chikafa anatsitsa galasi n'kufunyulula chikalata chija mosamala. Inki yonse inali itasungunuka. Chala cha Mtumbuka, cha Myao, cha Msena, cha Mburundi, zonse zinasanduka banga limodzi lalikulu.

"Apa panali anthu angati?"

"Mazana atatu, mayi."

"Ine ndikuona banga. Sindingapite nalo kwa akuluakulu anga. Komabe tandiuzani, ndilembe kuti ndinafika dera liti?"

Abiti anayang'ana Kumatabwa, n'kuyang'ananso Kuchigayo. Galimoto inalira n'kumapita, ndipo mlatho unakamangidwa kudera lina.

M'mapanga muja anthu anadikira mpaka mvula inakata. A Kumwenda ankaganiza kuti mlendo akudya kwa Che Rajabu. Che Rajabu ankaganiza kuti akudya kwa a Kumwenda. Aliyense anadya mpunga wake akung'ung'udza kuti Abiti wamugulitsa. Mayi amene ankaopa kukhumudwitsa mmodzi anakhumudwitsa onse awiri.

M'mawa mwake thabwa linali litamira. Abiti anapinda chitenje, n'kubereka Sungeni kumbuyo kuti amuwolotse apite kusukulu. Ali pakati pa madzi, mwanayo anafunsa.

"Amayi, mapanga analipo awiri. Nanga inu munavumbwa bwanji?"

Abiti anaponda mwala, n'kupondanso wina, madzi akumufika m'mawondo.

"Ndi omwewo andivumbwitsa, mwanangu. Likanakhala limodzi, bwenzi ukuyenda pamlatho."

Amayi amene ankawoloka naye anamva, ndipo mawuwo anafala mpaka lero: mapanga awiri avumbwitsa. Tanthauzo lake ndi lakuti munthu wofuna kugwira zinthu ziwiri zosayendera limodzi amataya zonse. Nthawi yosankha ikafika, sankhani, ngakhale wina akunyinyirika. Apongozi kapena achimwene akanakwiya sabata imodzi, kenako akanawoloka pamlatho womwewo. Koma Abiti anabereka mwana pamsana dzinja lililonse, mpaka Sungeni anatalika kuposa mayi ake.