Mwandida ndi Mkamwini wa Mitu Isanu

"Anati mwezi umodzi! Mwezi umodzi basi, akaonetse mkazi kwawo, abwere adzalime munda wanga. Mvula zagwa zitatu. Mwana wanga sindikumuona. Munthu kubwereka mwana wa eni ngati akubwereka lichero!"

Ankalalata chomwecho Nankhoma m'mawa uliwonse, kale lomwe lija mapiri akumpoto asanazime moto. Mwana wake wamkulu, Sigele, anakwatiwa ndi mlendo wina dzina lake Chimfuka. Mlendoyo anabwera atafunda chinsalu chakuda kuyambira m'khosi mpaka kumapazi, kumsana kuli chitupire ngati wabereka mtolo. Koma ulemu wake! Akakumana ndi apongozi panjira ankadumphira kutchire, kaya n'paminga kaya n'pachitedze, nkhope atalozetsa kumbali. Nankhoma nayenso, monga umanenera mwambo, sankamuyang'ana mkamwini kumaso. Ankayankhulana wina ali kuseri kwa nkhokwe. Ndiye akanachiona bwanji chimene chinali pansi pa chinsalucho?

Amene anaona anali Mwandida, mwana wotsiriza, wopala ndowe m'khola la nkhumba. Mlamu amayang'anidwa kumaso, palibe choletsa. Mwandida anaona ntchentche zikulowa pansi pa chinsalu koma osatulukanso, anamvanso china chake chikutafuna kumsanako. Atanena, anangolandira mbama kwa amayi ake.

"Iwe wonunkha ndowe iwe, ukufuna kuthawitsa mwamuna wa mkulu wako?"

Mvula yachitatu itatha, Nankhoma anatuma mchimwene wake, a Chimtengo, mwinimbumba. Ananyamuka ndi mkondo, chifuwa chili patsogolo. Anabwerera masiku atatu asanakwane, atagwira pamphuno.

"Achemwali, kumene kuja sikopita munthu. Dziko lonse likununkha mazira owola. Ndasanza mpaka ndulu."

"Mwabwerera fungo, achimwene? Nanga mkondowo munatengera chiyani, wokumbira mbatata?"

Mwandida ali pakhomo la khola anati, "Amayi, ndipite ine. Ine fungo ndinakulira momwemo."

Nankhoma anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, natsonya. "Pita. Koma usabwere chimanjamanja ngati amalume akowa." Anam'patsa chipanda cha madzi, chimanga chokazinga ndi nsalu yake yakale ya m'chiuno, yoti azitsekera pamphuno. Mwandida anadula nsapato pa chikopa cha ng'ombe, ulendo unayambika.

Anayenda, anayenda. Midzi inatha. Mitengo inatha. Pansi panasanduka phulusa lofika m'akakolo, ndipo kutsogolo kunaima mapiri atatu akukhosomola utsi ngati nkhalamba za fodya. Fungo lija a Chimtengo sananame ayi. Linkalowa m'mphuno, m'mano, mpaka chimanga chokazinga chinkakoma dzira lowola. Matope ankawira m'maenje, phwa! phwa! otuwa pakati, achikasu m'mphepete ngati mafinya a chithupsa. Madzi a m'mitsinje anali otentha, obiriwira, oti ngakhale galu sangalawe. Mwandida ananyowetsa nsalu ya amayi ake, anamanga pamphuno, nayendabe.

Tsiku lachisanu anafika pamwamba pa kachigwa kokongola, kaudzu wanthete ndi mthunzi. Miyendo inkangofuna kutsikira momwemo. Pamwala panali muimba, chimbalame chadazi chija chodya zowola, chowonda ngati nkhuni, khosi lili mbuu ndi magazi akale.

"Mtsikana, yankha ndikuuze njira," anatero muimba. "Ukalephera ndidikira pano ufufume. M'chigwamu muli mbawala zakufa ndi nguluwe zakufa, zonona zokhazokha. Ine njala yanditha. Bwanji sindikutsika?"

Mwandida anayang'anitsitsa. Nyamazo zinalibe bala. Panalibenso ntchentche ngakhale imodzi, ndipo mwana wa kukhola amadziwa kuti chakufa chopanda ntchentche kulibe.

"Mumo mwagona mpweya woipa," anatero. "Chotsikamo sichikweranso. Nenani njirayo, ndilibe nthawi."

Muimba analavula pansi. "Ndiwo zanga zandipulumuka. Uziyenda pamtunda, mphepo izikumenya kumsana. Thanthwe lakuda usalikhulupirire. Yamba waponyapo mwala. Likalira ngati ng'oma, pansi pake pali moto."

Mwandida anachita momwemo. Mwala patsogolo, phazi pambuyo. Pena thanthwe linkalira di! iye n'kudutsa. Pena linkalira ngati ng'oma n'kubooka, ndipo pachibowo pankaoneka chiphalaphala chofiira chikuyenda ngati phala lotayika. Nsapato zinayamba kununkha chikopa chowauka.

Pakati pa thanthwelo anapeza bilimankhwe wamkulu ngati mbuzi ali gone. Khungu lake lakale linapserera n'kumamatira, ndipo pansi pake mphutsi zinali yakaliyakali.

"Mwana iwe, ndisende," analira bilimankhwe.

"Ndikakusendani mundipatsa chiyani?"

"Madalitso."

"Madalitso sindingawamange pansalu. Nenani china."

"Ndikuuza dzina la agogo anga."

"Tsalani bwino," anatero Mwandida, n'kuponya mwala wake kutsogolo.

"Ima! Mwana wouma mtima ngati ameneyu anabala ndani? Ndikupatsa malovu anga. Ukadzola usanduka mwini wa nsalu imene wavala, nkhope ndi mawu omwe."

Apo Mwandida anagwada. Anasenda khungulo ndi zikhadabo, linkachoka nyamunyamu ngati khoko la nthochi yowola, mphutsi zikum'kwera m'mikono. Iye osalavula n'komwe. Atatha, bilimankhwe anakhosomola, nadzaza chigoba cha nkhono ndi malovu olendera, obiriwira.

"Ndi ochepa," anatero. "Usamwaze."

Kwa Chimfuka kunali pamwamba pa phiri lapakati. Njira yake inali imodzi yokha, yopapatiza ngati mzere wa mbatata, kumanzere dzenje la moto, kumanja dzenje la moto. Mwandida anaoloka osayang'ana pansi, nalowa m'phanga.

Zimene zinali m'phangamo, munthu osamva uli pakudya. Mafupa anali mbwee, ena akali ndi tsitsi. Pamng'alu wotuluka nthunzi pankawira chimphika cha matumbo osatsuka. Pakati panakhala Sigele, wowonda, nsidze zitapserera, phale lodzaza nsabwe lili pambali. Pamiyendo pake panatsamira Chimfuka, chinsalu chija atataya uko. Mitu inali isanu pa thupi limodzi. Wapakati unali wokongola uja unabwera kumudzi. Wina unali wachipere, wina wamamina ofika pachifuwa, wina wa diso limodzi lochucha. Wachisanu unali kamutu kakang'ono komera paphewa, kamaso akuthwa, kosakhazikika.

"Ehe! Mlamu!" unafuula mutu wapakati. "Mkazi wanga wamng'ono! Wanona bwanji!"

"Alamu, mwachulukatu. Moni ndipereke kwa uti?"

Mitu yonse inaseka, malovu kuwaza khoma.

"Amayi andituma," anatero Mwandida. "Munati mwezi umodzi. Bwezani mwana wa eni."

"Sindibweza," unatero mutu wapakati. "Lero ayi, mawa ayi, chaka chamawa ayi. Nsabwe andipha ndani? Mitu isanu si masewera, mlamu."

"Iwenso subwerera," unatero wamamina, ukukoka m'mphuno.

"Koma mlamu sadyedwa wopanda mchere," unatero wapakati, "ulemu timaudziwa ife. Ndikatape mchere kutsidyaku. Mukafuna kuthawa thawani. Njira ndi imodzi, tikumana pomwepo."

Anadzuka, anakanda pamimba, natuluka. Sigele anayamba kulira.

"Wadzeranji kuno, mng'ono wanga? Tsopano amayi ataya awiri."

"Achemwali, pukutani m'manjamo, mulira kumudzi. Chinthu chimenechi chimaopa chiyani?"

"Mkondo sumulowa. Nkhwangwa imabunthira pakhosi. Amangoyenda mosamala panjira paja, poti dzenjelo linameza bambo wake."

"Nanga kudumphira m'chitedze kuja, kunali kunamizira?"

"Ayi, n'zoona. Pamenepo ndiye amanyada. Amati anthu wadya osawerengeka, koma palibe anamunenapo kuti ndi wamwano kwa apongozi."

Mwandida anamasula nsalu ya amayi ake pamphuno, naimanga m'chiuno. Anatapa malovu a bilimankhwe nadzola kumaso. Anali ozizira, onanda, onunkha chule wofera m'chitsime. Anadzola m'khosi, m'mikono, pamimba, m'miyendo. Atafika m'akakolo, chigoba chinauma gwa. Sigele anakuwa. Patsogolo pake panaima Nankhoma weniweni, imvi zake, mphumi yamakwinya ija, mlomo wokonzeka kulalata. Mapazi okha anatsala a mwana.

"Ukudzidzimuka chiyani? Nditsate pambuyo, chitsiru," anatero, ndi mawu a amayi awo enieni.

Dzuwa lili pamutu anafika pakati pa njira yopapatiza ija. Kutsogolo, mu utsi, kunatulukira Chimfuka, thumba la mchere lili paphewa, mitu ikukangana za amene adye chiwindi. Mwandida anakhosomola kawiri, monga achitira mpongozi pochenjeza mkamwini panjira.

Chimfuka anaima njo. Thumba linagwera m'moto.

"Apongozi!" inanong'ona mitu yonse.

Wapakati unatembenukira kumanzere. Wachipere kumanja. Wamamina unabisala m'khwapa. Wa diso limodzi unasowa kolowera, unangotsinzina.

"Mwa... mwayenda bwanji, amayi?" unatero wapakati, ukuyankhula ndi utsi.

"Ndayenda bwanji? Mwana wanga mwamusandutsa wopha nsabwe, ndiye mukundifunsa ndayenda bwanji? Taonani kuno anthuni, mkamwini kuima panjira ya apongozi ngati chitsa! Kwanu anakulerani ndi afisi?"

"Pepani amayi, popatukira palibe. Ndibwerere chambuyo."

Anayesa kubwerera chafutambuyo, koma mutu woona njira panalibe, yonse inali itayang'ana kumbali. Phazi linaterereka, miyala inagwera m'dzenje, iye anagwada.

"Ndidikire inu? Ine, nkhalamba, mapazi akupsa? Ndikalengeza mudzi wonse kuti Chimfuka anatsekera apongozi njira. Ana adzakuimbani nyimbo pamtondo."

"Ayi amayi, zimenezo ayi!"

Koma kamutu ka paphewa kaja sikanapirire. Kanasuzumira pansi ndi diso limodzi.

"Akuluakulu, mapaziwo! Mapazi ndi a mwana!"

Sigele anafinya nsalu ya Mwandida kumbuyo. Koma mwana wa Nankhoma sanasowe pakamwa.

"Mayo ine! Wandiyang'ana miyendo! Mkamwini wandiyang'ana miyendo! Achimwene, bwerani mudzaone zonyansa!"

"Wayang'ana apongozi iwe?" unabangula mutu wapakati. "Miyendo? Watichotsa ulemu tonse!"

Unatembenuka n'kuluma kamutuko pakhutu. Kamutu kanaluma wachipere. Wachipere unagunda wamamina, mamina anamata diso la winayo. Mafinya, magazi akuda, mano othyoka, zonse zinkangowaza. Mwandida anasendera kutsogolo phazi limodzi, nakhosomolanso mwamphamvu. Thupi la Chimfuka, lozolowera kuyambira kale, linachita zimene linkachita kumudzi. Linadumphira kumbali.

Kumbali kunalibe tchire.

Dzenje linamumeza osatafuna. Phiri linagwedezeka, linageya chiutsi chakuda chonunkha tsitsi lowauka ndi mafuta owola, kenako linayamba kulavula miyala yamoto.

"Thamangani, achemwali!"

Anathamanga phulusa likuwagwera ngati mvula. Pa thanthwe lakuda Mwandida ankaponya mwala, n'kukoka mkulu wake padzanja. Sigele ataona kachigwa kaudzu kaja anafuna kukapuma, Mwandida anam'kokera pamtunda ndi mphamvu. Nsapato zinatha, madzi anatha, koma anayendabe mpaka anaonanso mitengo.

Atalowa m'mudzi, agalu anathawa fungo. Nankhoma anatuluka m'nyumba, anaona Sigele, anamugwira mapewa, anamuyang'ana m'mano ndi m'zala ngati akugula mbuzi.

"Wowonda, koma ndi yemweyo. Ndalandira." Mawu ake ananjenjemera, iye anapsa nawo mtima, n'kutembenuka. Apo ndi pamene anaona nkhalamba ili kumbuyo, yofanana naye mpaka chipsera cha pachibwano. "Nanga chimayi chonyansachi n'cha kuti?"

"Ndi inuyo, amayi," anatero Sigele.

Anachita kumutsuka ndi mitsuko inayi ya madzi otentha kuti Mwandida abwerere m'khungu mwake. Nankhoma anakhula yekha ndi chitsononkho, akutukwana fungo, koma dzanja linali lofewa.

Mawa lake mudzi wonse unasonkhana. Azimayi analuluta, ng'oma zinalira, anthu ankam'nyamula Mwandida paphewa, omwe aja ankatseka mphuno akamadutsa. Nankhoma anapha tambala wake wamkulu, amene anakaniza ogula zaka ziwiri. Mbale itafika pamphasa, a Chimtengo anasamba m'manja, anakonza kukhosi, natambasula dzanja kulunjika nthutumba, poti nthutumba ya nkhuku amadya ndi mwinimbumba.

Chipande chinawagwera pazala, pha!

"Achimwene, mphuno yanu ndi yanthete. Nthutumba imasunga zonyansa, ingakusanzitseni." Anaitola yekha, naiika m'dzanja la Mwandida, anthu onse akuona. "Idya, iwe. Ndipo m'khola muja kuyambira mawa azilowamo ndi amalume ako."