Khoma la Sizigwa

Panali mmisiri wina womanga nyumba amene ankakhala m'chigwa, kunsi kwa phiri lalitali. Anthu ankamutcha Sizigwa chifukwa cha nyumba zake, ndipo dzinalo linkamukomera kuposa la makolo ake.

Nyumba yake inayang'anana ndi ya mng'ono wake. Chaka china analumikiza ziwirizo ndi khoma la njerwa zomangira dothi, kuti odutsa aziona kuti pakhomopo mpamodzi. Pasanathe zaka ziwiri khomalo linang'aluka pakati. Anamata. Linang'alukanso pomwepo. Kamng'aluko kanali kongolowa chala, koma kwa munthu wa dzina lotere zinali ngati amutukwana pamsika.

Tsiku lina mlamu wake, mphunzitsi wa kusekondale, anamupeza akumata kachinayi.

"Alamu, vuto si dzanja lanu ayi," anatero mphunzitsiyo. "Nthaka tikupondayi si mwala umodzi. Ndi zibenthu zikuluzikulu ngati mapale a mbiya yosweka, zokhala pa miyala yotentha ya pansi. Kwina zimagundana n'kutukula mapiri, kwina zimakhulana. Kwathu kuno zikutayana pang'onopang'ono, chikhadabo chimachita kufulumira kukula. Nyumba yanu ili tsidya lino la mng'alu, ya mng'ono wanu ili tsidya ilo. Lisiyeni khomali lizipuma."

"Inu kaphunzitseni ana, alamu," anayankha Sizigwa. "Za njerwa tisiyireni ife."

Anagumula khomalo. Anakumba maziko akuya, nathira konkire, namanganso khoma latsopano. Kenako anaboola zipupa za nyumba zonse ziwiri, nalowetsamo zitsulo zonenepa, kuzimanga kuti zikhale chinthu chimodzi. Mng'alu sunaonekenso. Zaka zisanu ndi ziwiri ankaimika alendo pakhomalo kuti aligogode okha, ndipo mlamu wake akamadutsa, Sizigwa ankamufunsa ngati mapale aja akuyendabe.

Mapalewo ankayendadi. Nthaka inalibe naye chifukwa, inalibenso naye chisoni.

Chivomezi chinabwera masana ena, anthu ali kumunda. Sichinali chachikulu. Nyumba za m'mudzimo zinangong'aluka apa ndi apo, eni ake namata sabata yomweyo. Koma khoma la Sizigwa linakana kung'aluka. Nthaka itasuntha, zitsulo zija zinakoka chipupa cha nyumba yake, zinakokanso cha mng'ono wake, madenga onse awiri n'kugwera mkati.

Mng'ono wake atabwera kuchokera kumunda anaima n'khasu paphewa, kuyang'ana mulu wa njerwa.

"Achimwene, yangayi inalibe mng'alu," anatero.

Inu amene mukumanga banja lero, mwachokera m'makomo awiri, ndipo pansi panu padzasuntha ndithu. Mukadzasemphana mawu pa zazing'ono, musadzathamangire chitsulo kuti anthu aziti kwanu sikumveka phokoso. Lankhulanani, matani, padzang'alukanso, mudzamatenso. Mukadzatseka pakamwa pa mnzanu zaka zisanu ndi ziwiri, tsiku lodzatseguka silidzasankha nyumba yogwetsa.