Malo Olowa Dzanja

Panali munthu wina, makaniko, dzina lake Chingwalu. Galaja yake inali kuseri kwa msika, m'tauni ina ya kuchigwa, ndipo dothi la pamenepo linali lakuda bii ndi oyilo wa zaka makumi awiri. Munthuyu ankadziwika ndi chinthu chimodzi: kulowetsa chimene anzake alephera kulowetsa. Injini ya galimoto ina ankaikhazika m'galimoto ina, n'kukhala ngati inabadwira momwemo. Amakaniko anzake akagwa mphwayi ndi ntchito, ankangoti, "Pitani nayoni kwa Chingwalu." Mawu amenewa ankamukoma, ngakhale sankaonetsa.

Tsiku lina kunafika bambo wina wachikulire, mphunzitsi wopuma pa ntchito, a Gwengwe. Anabwera ndi kagalimoto ka dizilo, koyera, kosamalidwa bwino. Kwawo kunali pamwamba pa mapiri. Akazi awo ankadwala impso, ndipo milungu iwiri iliyonse ankayenera kukaonana ndi dokotala pa chipatala cha m'tauniyo. Kutsika kunalibe vuto. Vuto linali pobwerera. Msewu wake unali wokhotakhota, wokwera ngati makwerero, ndipo kagalimotoko kakafika pakati pa phiri kankangobuula, utsi uli tolotolo, koma osapita patsogolo. Kawiri konse kanazima pamtunda. Ulendo wachiwiriwo a Gwengwe anachita kutsika kukaika miyala kuseri kwa matayala, mayi odwalawo atakhala pansi m'mphepete mwa msewu, dzuwa likuswa mtengo.

M'buti mwa galimotoyo munali katoni. A Gwengwe anaitsegula. Munali tebo, imene mwana wawo wa ku Joni anawatumizira. Tebo ndi chitsulo chooneka ngati nkhono yaikulu. Utsi wotuluka mu injini umazunguza kafani kamene kali m'kati mwake, kafaniko n'kumakankhira mpweya wambiri mu injini, ndipo injini ikamwa mpweya wambiri imapeza mphamvu zimene inalibe.

"Ndapita kwa amakaniko atatu," anatero a Gwengwe. "Onse akuti malo mulibe."

Chingwalu anatsegula boneti. Malo munalibedi. Opanga galimotoyo anapanikiza zinthu ngati katundu wa munthu wosamuka: batire apa, radiyeta apo, makina a eyakoni oziziritsa m'galimoto pambali, mapaipi ndi mawaya zitapiringizana pamwamba. Anayang'ana nthawi yaitali, manja ali m'chiuno.

"Ilowa," anatero.

"Koma eyakoni musaichotse. Kuno kumatentha, ndipo mayi anu kutentha kumawafoola."

"Sindichotsa kanthu, aphunzitsi. Mudzabwere pakatha milungu iwiri."

Anayamba tsiku lomwelo. Anadula katoni ina, n'kupanga chifaniziro cha tebo, n'kumachiyesa uku ndi uku mpaka anapeza kangodya pamene chinkakwana. Batire analisamutsira m'buti. Paipi ya utsi anaidula n'kuiwotcherera katatu isanakhote mmene ankafunira. Chitsulo chotchinga kutentha anachisula ndi hamala mpaka chinapyapyala ngati tsamba. Panali bawuti imodzi imene sipanala iliyonse inkalephera kuifika, ndiye anatenga sipanala yake yabwino, kuiwotcha pamoto, n'kuipinda. Pamapeto anachita kunyamula injini yonse ndi tcheni, kumangirira zonse ili m'malere, n'kuitsitsa pang'onopang'ono. Inakhazikika ndendende. Pakati pa tebo ndi khoma la galimoto pankangolowa chala chimodzi.

Tsiku la khumi ndi chiwiri analiza injini. Inalira bwino, ndi kamluzu kake ka tebo. Anakaiyesa pa chitunda cha kunja kwa tauni, ndipo inakwera ndi giya yachitatu pamene kale inkakwawa ndi yoyamba. Amakaniko anzake anasonkhana kudzaona. Anasuzumira m'boneti n'kupukusa mitu. Wina anajambula ndi foni. Wina anati, "Awa si manja okha, pali mankhwala apa." Chingwalu anangomwetulira, akupukuta zala ndi kasanza.

M'mawa mwake anati asinthe oyilo ndi sefa yake, kuti mwini galimoto adzaipeze zonse zili zatsopano. Oyilo anakhuthula. Kenako anapisa dzanja kuti agwire sefa. Dzanja silinalowe. Anayesa cha kumwamba, tebo inatsekereza. Anagona chagada n'kuyesa cha kunsi, paipi ya utsi inatsekereza. Anayesa ndi dzanja lamanzere. Sefayo ankaiona ndi maso, inali pomwepo, koma ngakhale nsonga ya chala sinkaikhudza. Anayang'ananso zina. Kilampu yomangira paipi ya madzi inali chimodzimodzi. Lamba wa injini chimodzimodzi. Chilichonse chinali pamalo pake, koma kuti munthu akhudze chimodzi, anayenera kunyamulanso injini yonse.

Anakhala pa tayala lakutha n'kumaiyang'ana galimotoyo. Nthawi ya chakudya inakwana, iye ali pomwepo.

Palibe akanadziwa. Sefa imene inalimo ikanayenda miyezi isanu kapena isanu ndi umodzi. Pofika nthawi imeneyo mbiri yake ikanakhala itafika kale kutali, ndipo wolephera akanakhala makaniko wina amene akanapatsidwa galimotoyo kuti asinthe sefa. Komanso lonjezo lake anali atalisunga: tebo inalowa, ndipo sanachotse kanthu. Koma msewu umene galimotoyo inkayenda ankaudziwa. Kumeneko kulibe tcheni chonyamulira injini. Kuli munthu wokonza njinga pa siteji, wa masipanala atatu ndi pulayazi imodzi, ndipo ukamudutsa ameneyo kwatsala miyala ndi udzu.

Anadzuka, kukoka tcheni, n'kuyamba kumasula. Ntchito ya masiku khumi ndi awiri anaiphwasula tsiku limodzi. Anzake aja anabwera kudzafunsa chimene chalakwika.

"Sinalowe," anatero.

"Ife tinaiona ndi maso athuwa italowa."

Iye anapitiriza kumasula.

A Gwengwe anafika pa tsiku la pangano. Anatsika phiri pa minibasi pamodzi ndi akazi awo, kudutsira kuchipatala, poganiza kuti pobwerera ayenda pa galimoto yawo. Anapeza injini ikulendewera, tebo ili pa benchi.

"Kodi ndinamva zabodza? Ndinauzidwa kuti zatheka. Anthu akuonetsana pa mafoni."

"Zinatheka, aphunzitsi. Ndamasula ndine."

Anawafotokozera za sefa, za kilampu, za lamba. Kenako anati, "Njira ilipo imodzi. Eyakoni ichoke, tebo isunthire pamalo pakepo. Ikatero dzanja lilowa paliponse."

Nkhope ya a Gwengwe inagwa. "Ndinakupemphani chinthu chimodzi chokha, bambo. Chimodzi. Ndipo munalonjeza."

"Ndinalonjeza ndisanayese ndi dzanja. Pamenepo ndinalakwa."

"Ibwezereni mmene inalili dzana."

"Imeneyo ndiye ayi. Ngati mukufuna, ndikubwezerani galimoto mmene munaibweretsera, tebo m'katoni mwake. Koma yotsekeka ija situluka pakhomo pano."

Mayi aja anali atakhala pamthunzi, pa mpando wakale wa minibasi. Tsopano anafunsa, mawu ali pansipansi, "Bambo, mawindo ake amatseguka?"

"Amatseguka, mayi."

"Ndiye chichotseni choziziritsacho. Kutentha ndinakupeza pobadwa. Chimene sindikufuna ine n'kugona m'phiri."

A Gwengwe sanatsutsane ndi akazi awo, koma makanikoyo sanamukhululukire. Anabwerera kwawo pa minibasi, atapanikizana ndi matumba a feteleza. Patatha masiku anayi anadzatenga galimoto yawo, ndipo moni wake unali waufupi.

Ntchito yachiwiriyo inalibe chodabwitsa. Aliyense wosuzumira m'boneti ankaona mpata, malo opanda kanthu kukula kwake ngati mbale, ndipo ankati zimenezo makaniko aliyense akanazichita. Palibe anajambula. Mphekesera inayenda yoti Chingwalu wakalamba, manja ayamba mantha. Ntchito zovuta zinayamba kupita kwa makaniko wina wa tsidya la msewu, ndipo Chingwalu anatsala ndi mabuleki ndi maklatchi. Ankafika m'mawa, kugwira zimene zabwera, n'kutseka dzuwa likapendeka.

Patapita miyezi isanu ndi itatu, m'mwezi wa Okutobala, a Gwengwe ankakwera phiri lija ndi akazi awo, akuchokera kuchipatala. Galimoto inkakwera bwino. Atangokhota khona lina lakuthwa, nthunzi inatuluka m'boneti. Anaima. Panalibe nyumba pafupi, foni inalibe netiweki, ndipo minibasi yomaliza inali itawadutsa kale. Anadikira kuti injini izizire, n'kutsegula boneti. Iwo za injini sankazidziwa. Moyo wawo wonse anagwira choko. Koma anaona pamene madzi ankadontha. Kilampu inali itakhwepa, paipi itasomoka pang'ono. Anapinda mkono wa shati n'kupisa dzanja. Linalowa mpaka m'chigongono. Anakankhira paipi m'malo mwake, n'kumanga kilampu ndi nsonga ya kampeni kosendera malalanje. Anathira m'radiyeta madzi akumwa amene ananyamula. Theka la ola lisanathe anali atanyamuka, ndipo anakafika kwawo mbuzi zisanalowe m'khola.

Sanapite kukamuuza Chingwalu. Sizinawabwerere n'komwe m'maganizo kuti dzanja lawo linalowa chifukwa cha munthu wina. Kwa iwo inali nkhani yaing'ono: paipi inasomoka, iwo anaibwezera. Mpaka tsiku limene anagulitsa galimotoyo, chilimwe chilichonse ankadandaula za makaniko uja amene anawachotsera eyakoni. Ndipo Chingwalu za m'phirimo sanazimve mpaka kale.

Inu amene mukundimva, ambiri a inu muli pa msinkhu woonjezera. Wina akuonjezera geni pa ntchito, wina sukulu pa banja, wina udindo wa kumpingo pamwamba pa zonsezo. Sindikukuletsani. Mapiri ena sakwereka ndi mphamvu zimene munabadwa nazo. Ndipo mukalimbikira zonse zilowa, anthu n'kukuomberani m'manja. Koma musamangofunsa kuti, "Kodi zakwana?" Funsani kuti tsiku limene china chidzasomoke mwa inu, mkazi wanu, mwana wanu, kapena mnzanu uja amakuuzani zoona, adzapeza polowetsa dzanja? Ngati palibe, chotsani china lero, ngakhale chili chokoma. Musayembekezere zikomo, chifukwa mpata anthu sauona ngati luso. Koma pakati pa phiri palibe amene adzakunyamulireni injini.