Mpanda wa Matewere

Ana inu, mwambi uliwonse uli ndi kwawo. Uwu wa ndevu kwawo ndi kunyanja ya Chilwa, pamudzi wina umene madzi anaumiza kalekale.

Anthu a mudziwo atasamukira kumtunda, anakhala pansi nagawa gombe latsopano. Anapatula dooko la mabwato, potunga madzi, ndi poyanika nsomba. Anapangananso kuti pakati pa makomo pazitsala njira yotsikira kunyanja, yoti amayi awiri osenza mitsuko n'kupambana osagundana. Njirayo inadzera pakati pa Matewere ndi mlamu wake Likoswe.

Matewere anali ndi ndevu zofika pachifuwa, ndipo ankazisamala kuposa maukonde ake. Likoswe ndevu zake zinali zapamwayi chabe, koma pa kuwamba nsomba panalibe womposa. Milamba yake inkapsa mofiirira, fungo lake n'kumveka mudzi wonse. Ogula ankatsika ndi njira ija, n'kupereka moni kwa Matewere, koma madengu n'kukadzazira kwa Likoswe.

Moniwo ndi umene unkamupweteka Matewere. Nsanje inamudya mpaka anaonda. Mlamu wake akaseka, iye ankati akusekedwa ndiye.

Tsiku lina anadula minga ndi bango, natseka njira yonse mpaka m'madzi.

"Alamu, kodi amayiwa azikatunga kuti?" anafunsa Likoswe.

"Mbuzi zanga zikuthawira kunyanja," anatero Matewere, akusisita ndevu. Mbuzi zake zinali ziwiri, ina yotsimphina.

Anthu anang'ung'udza, koma poopa pakamwa pake anayamba kuzungulira kudambo, ulendo wotopetsa wodzera m'matope. Ogula anachepa. Matewere anayambanso kunenepa.

Nthawi ya dzuwa itafika, moto unathethekera pa udzu wa chisakasa chimene Likoswe ankawambiramo nsomba. Iye pouzima ndi nthambi, ndevu zake zinagwira moto.

"Alamu, madzi!" anafuula.

Matewere anali chiimire kuseri kwa mpanda, mtsuko wodzaza uli pambali pake.

"Awa ndi ophikira," anayankha.

Likoswe anazima ndevu ndi manja, natuluka matuza. Chisakasa chinapsa chonse. Ine ndikakumbukira pamenepa mtima umandiwawa, chifukwa munthu wakuba amakhala ndi njala, koma wansanje amangofuna kuti mnzake alire.

Poona kuti mlamu wake wagwa, Matewere anamanga chisakasa chake pafupi ndi nyumba kuti ogula azibwera kwa iye. Koma kuwamba nsomba kumafuna moto wofatsa wa zikuni, ndipo iye sankadziwa. Masana ena kuli mphepo, anaunjika mapesi ouma pansi pa nsomba, nawerama kuti auzire. Moto unalilima, n'kukwera ndi ndevu zija, kenaka n'kudumphira padenga la nyumba.

Mudzi wonse unathamanga ndi mitsuko ndi zidebe. Nyanja inali pompo, yoti mwana n'kuponyamo mwala. Koma atafika panjira, anapeza minga. Ena anayesa kuzula, nalasidwa manja. Ena anathamangira kudambo.

Mkazi wa Likoswe anali atangofika kumene kuchokera kudamboko, mtsuko uli theka chifukwa madzi ena anatayikira m'njira. Likoswe anayang'ana zipsera za m'manja mwake, nayang'ananso mlamu wake akugubuduka pansi. Kenaka anatenga mtsukowo, nakhuthulira pankhope ya Matewere.

"Nyumba yanga, alamu, zimani nyumba," analira Matewere.

"Ndevu ndazima, alamu. Nyumbayo ikufuna nyanja, ndipo nyanja munaitseka."

Pamene a kudambo ankafika, panali patatsala mitengo yofuka utsi. Mpanda nawonso unapsa, njira n'kutseguka yokha. Matewere anatsala ndi chibwano chosalala ngati chipanda, ndipo ndevu sizinamerenso. Mvula ya chaka chimenecho anaiusa m'khumbi la Likoswe.

Anthu poona zimenezi anati, "Mnzako akapsa ndevu m'zimire, mawa adzazima zako." Tanthauzo lake n'lakuti tsoka limayendera khomo ndi khomo. Mnzako akakhala pamavuto muthandize, ngakhale akuposa m'zinthu, pakuti amene udzamuitane mawa ndi yemweyo. Matewere anachita mwayi kuti Likoswe sanabwezere. Koma njira imene anatsekera mnzake ndi yomwe madzi opulumutsa nyumba yake akanadzera.