Chidebe Chodontha Lachisanu Lililonse

Amayi anzanga, akuti patauni ina yaing'ono panali chidebe cholodzedwa. Ine sindinachione, koma amene anandiuza sanama kawirikawiri.

Panali mayi wina wosoka zovala, dzina lake Nyakaunda. Anachokera kumpoto banja litatha, nakhazika makina ake pakhonde la sitolo. Anthu ankamulemekeza kwambiri. Pamaliro ankamupatsa mpando, anzake ali kalikiliki kukhitchini. Akati agwire nkhuni, ankamulanda.

"Ayi, khalani pansi, inu ndi alendo."

Zaka zitatu, alendo! Mtima unkamuwawa, koma ulemu ungaudandaule kwa yani?

Tsono chidebe chake chinkadontha Lachisanu lililonse. Ankapita nacho kwa aZimba, bambo wokhoma zidebe pansi pa mtengo wa mbawa, amene akazi awo anamwalira kalekale. Bamboyo analibe mpando, ndipo ulemu wake unali wochepa.

"Mwabweranso nacho chisefa chanuchi? Gwirani apa, musangoima ngati mtengo wa magetsi!"

Mayiyo ankagwira, manja n'kuda bii, akukalipiridwa kuti wapendeketsa. Pobwerera ankayenda akuimba. Pamalo ponsepo, munthu mmodzi yekhayo ndiye ankamutuma.

Kenaka malume ake anatumiza uthenga: bwerera kumudzi, munda ulipo, kumeneko ulibe wako. Nyakaunda anaganiza, naona kuti akunena zoona. Anamanga katundu kuti akwere basi ya Loweruka. Amayi a pamsika anamutsanzika mwaulemu, wina osamuletsa.

Lachisanu anapita kumtengo kuja ndi chidebe.

"Mundimatire komaliza, bambo. Mawa ndikupita kwathu."

AZimba anachitembenuza, nayang'ana bowolo nthawi yaitali. Kenaka anachiika kumbuyo kwawo, nachikhalira.

"Sindimata."

"Bwanji?"

"Ndimate ine, madzi mukatungire anthu ena? Kwanu n'kuti? Munthu zaka zitatu akundisokosera pano! Chidebe sichichoka. Mwiniwake aona yekha."

Mayiyo analalata, anthu mpaka kusiya malonda. Koma basi ya Loweruka inanyamuka mpando umodzi uli wopanda munthu. Mwezi usanathe, ankhoswe anali atakumana.

Tsiku lotsatira ukwati, mnzake woyandikana naye, Nagama, anafika m'mamawa nam'ponyera mpeni.

"Iwe mkazi wa Zimba, kuli zophika kutchalitchi. Kabichi yense uja ndi wako, ndipo usadule zikuluzikulu."

Akuti Nyakaunda analira misozi akudula kabichi, ngati ndi anyezi.

Ndiye inu amayi, taonani amene mwamukhazika pampando chaka chino. Mwina wakhuta ulemu wanu, akufuna mumutume. Mupatseni mpeni, mumukalipireko pang'ono, adziwe kuti wafika.

Koma za ufiti zija ndinazisiya. Nyakaunda anaulula yekha kwa Nagama ali pamjigo, kuti Lachinayi lililonse ankaboola chidebecho ndi msomali. Nagama anathamanga kukauza aZimba, mpango uli m'manja. Bamboyo sanadzutse n'komwe mutu.

"Mayi, ine ndakhoma zidebe zaka makumi atatu. Dzimbiri siliboola ngati msomali. Mukuganiza kuti ndinkamata pang'onopang'ono chifukwa cha ukalamba?"